Mitanda ya Choko ya a Lionel Maddock

A Lionel Maddock sankaima pamalo popanda mtanda wa choko. Funsani aliyense wa imvi ku Thornby Green kuno, akuuzani zomwezo. Anali munthu wamtali ngati mlongoti, chipewa chopendekeka, mawu ogunda oti akati "moni" amayi ankaiwala chimene abwerera m'sitolo. Koma akalowa pakhomo ankayamba ayang'ana pansi ngati wataya singano. Akaupeza mtanda wawo woyera ankauponda ndi mapazi onse awiri, n'kupuma, kenaka n'kudzutsa mutu kuti dziko liwaone. Akapanda kuupeza ankangoti njo pakhomopo, thukuta kamukamu.

Wolemba mitandayo ndinali ine, Wilf Cottam, ndipo zilonda za m'mimba zimene ndikuvutika nazo lero ndinazitengera pa ntchito imeneyo.

Tinakumana ku situdiyo nkhondo itangotha, m'masiku a mafilimu akuda ndi oyera. Ntchito yanga inali yoyeza ndi tepi kuchokera pa diso la kamera kukafika pa mphuno ya wosewera, n'kulemba kamtanda pansi pamene ayenera kuima kuti nkhope yake isatuluke mbuu. Osewera ena onse kamtanda kotalika ngati chala kankawakwanira. Tsiku loyamba lomwe, a Maddock anandikokera kuseri kwa khoma lamatabwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wozembetsa katundu.

"Ndiwe Cottam eti? Kodi umatha kusunga chinsinsi?"

"Zimatengera kukula kwake, bwana."

"Tayang'ana apo. Akuluakulu aima apowo ndani?"

"Palibe munthu, bwana. Ndi makwerero, apachikapo jekete."

Anatseka maso. "Ndawapatsa moni kawiri," anatero chapansipansi.

Kenaka anapisa dzanja m'thumba lamkati n'kutulutsa magalasi okhuthala ngati matako a botolo. Atawavala, ndinachita kudziluma lilime. Maso aja amene ankagwetsa akazi m'dziko monse anasanduka timaso ta mbewa.

"Waona? Ndi nkhope iyi, ndani angandipatse mkazi woti ndimupsompsone pa kanema? Andipatsa ukalaliki wa kubanki, uja amaomberedwa filimu isanafike pakati. Popanda awa ndimangoona chimbuuzi. Chinthu choyera chachikulu chili pansi ndiye ndimachionako pang'ono. Undilembere mtanda waukulu, Wilf. Ndipo munthu asadziwe. Akangodziwa, ndatha."

Ndinavomera. Ndikanadziwa kuti ndikuvomera ntchito ya moyo wonse, ndikanapita kukayendetsa basi.

Chomwe chinkandiwawa n'chakuti khungu lomwelo ndi limene linawatchukitsa. Manyuzipepala ankalemba za maso awo oyang'ana kutali. Ena ankati munthuyu akuona chisoni chonse cha nkhondo, ena ankati akuona nyanja imene inameza anzake. Atsikana ankadula chithunzi chawo n'kuika pansi pa pilo. Ine ndinali pomwepo pambali pa kamera, ndipo ndikuuzeni zoona: ankangofunafuna kumene kuli mkazi amene akulankhula naye. Ankasewera akaputeni a sitima zankhondo, oyendetsa ndege osadziwa mantha, madokotala odekha mtima. Wotsogolera filimu akangoti "Imani!" msilikali wolimba mtima uja ankandigwira mkono mpaka kundisiyira zipsera za zala.

"Azindikira, Wilf?"

"Sanazindikire, bwana."

"Nanga uja watsokomola uja? Kutsokomola kwake kunali kwa munthu wodziwa kanthu."

"Ali ndi chimfine, bwana."

Funso limenelo ndinalimva m'mawa, masana ndi madzulo mpaka tsitsi langa linathothoka. Nkhawa ndi matenda opatsirana, musalole munthu akunamizeni. Ndinafika poti mkazi wanga Edna akasesa pakhitchini ndinkadzidzimuka, kuopa kuti wafufuta kanthu.

Tsiku limene ndinangotsala pang'ono kukomoka linali lojambula filimu ija ya pasiteshoni ya sitima, imene inawakweza pamwamba penipeni. A Maddock ankayenera kudutsa m'mvula, kukaima pa mtanda, n'kukumbatira Honor Vasey, mkazi wokongola kwambiri amene situdiyo inali naye. Palibe anandiuza kuti mvulayo idzakhala yeniyeni, yochokera m'mapaipi. Atangotsegula madzi, ndinaona choko changa chikusungunuka n'kutsetserekera mu ngalande. Kamera inali itayamba kale kuzungulira.

A Maddock anabwera. Anayang'ana pansi, palibe kanthu. Anadzutsa mutu ndi maso awo akutali aja, anamudutsa Honor ngati sanamuonepo chibadwire, n'kupitirira mpaka kukakumbatira Alf, bambo wandevu wonenepa amene ankagwira paipi.

"Wokondedwa wanga," anatero, "usandisiye."

"Sindingachoke, bwana," anayankha Alf. "Ndagwira paipi."

Wotsogolera filimu, a Strang, anadzuka pampando pang'onopang'ono.

"Lionel, chimenechi n'chiyani?"

A Maddock anamusiya Alf. "Ndinaganiza kuti munthu wosweka mtima sadziwa kumene akupita."

Kenaka a Strang anawomba m'manja. "Luso! Kumudutsa mkaziyo osamuona! Lionel, ndiwe mfiti!" Anangodula poonekera ndevu za Alf, kwinako n'kusiya momwemo. Anthu analira m'makanema onse a m'dziko muno, ndipo akatswiri analemba masamba ndi masamba za kudutsa kumeneko. Ine ndinapita kuseri kukasanza.

Pa tsiku loonetsa filimu koyamba ankakhala mpando wakutsogolo, atatchena suti yakuda, osavala magalasi. Ndiye kuti filimu zawo zonse sanaonepo ngakhale imodzi. Ankangomva mawu awo akuchokera m'chifunga chowala. Potuluka ankandifuna pakati pa anthu.

"Ndinaoneka bwanji?"

"Bwino kwambiri, bwana."

"Usandinamize. Azindikira?"

Zaka zonse za kusitudiyo sanakwatire. Akazi ankachita kupanikizana pageti, koma iwo ankati, "Mkazi amadzuka nawe m'mawa, Wilf. Tsiku lina adzandipeza ndikuwerenga nyuzipepala." Ndinkaseka akatero, koma zinkandimvetsa chisoni, chifukwa ndinkawaona akudya okha pudini wozizira m'nyumba yaikulu makatani atatseka.

Nthawi inasintha. Mafilimu anabwera amitundu, anyamata atsitsi lalitali ankangong'ung'udza mawu akutafuna chingamu, ndipo makamera ankayenda paphewa kutsatira wosewera kulikonse. Mnyamata wina wotsogolera filimu anawauza kuti, "Bambo, masiku ano kulibe zoima pa mtanda. Ingoyendani momasuka." A Maddock anayenda momasuka mpaka kugwera m'dzenje lokhalamo oimba kutsogolo kwa siteji, ndipo sabata yomweyo analengeza kuti apuma pa ntchito. Ine ndinati zikomo Mulungu, ndapulumuka. Mwezi usanathe ndinamva kuti agula nyumba yoyandikana ndi yanga.

Ndiye ntchito inayambiranso. M'mawa uliwonse, anthu asanachuluke, ndinkazungulira mudzi ndi choko: pakauntala ya sitolo, poimira basi, pakhomo la tchalitchi, pamapeto a mpando wawo m'tchalitchimo, ndi m'bala ya Beryl Sowden, pomwe ankaima masana n'kumwa tambula yawo imodzi. Ndi mvula yathu ino yosadziwa nyengo, ena ndinkalemba kawiri pa tsiku. Ofunsa ndinkawauza kuti ndi mwambo wa anthu a mafilimu, ena amaopa kuimba mluzu, awa amaopa kuima pansi posalemba. Anthu ankangogwedeza mutu. Ndinkadzitama kuti bodza langa lagwira.

Vuto linali bokosi la makalata. Lili pomwepo mpaka pano, lofiira, lalitali ngati munthu wamfupi, pangodya yoyang'anana ndi nyumba ya Mayi Ottley. Mayi Ottley anali amasiye, aphunzitsi opuma, ndipo ankakonda kuvala chikhoti chofiira. A Maddock anakumana nawo kamodzi kutchalitchi, anamva mawu awo, mtima n'kugwa pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse akafika pangodya paja ankavula chipewa n'kuwerama pamaso pa bokosi.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Ottley? Chofiirachi chimakukhalani zedi."

Bokosi zii.

"Mphepoyi isakulowetseni chimfine. Mwaima nthawi yaitali?"

Bokosi zii.

Tikapitirira ankandinong'oneza. "Mayi ameneyu ndi wamanyazi, Wilf. Koma ndimakonda mkazi wodziwa kumvetsera. Kapena wakwiya nane? Ndalankhula molakwika?"

Ndikanawauza bwanji? Ndikanati ndi bokosi, akanadzitsekera m'nyumba mpaka imfa. Ndinkangoti, "Akumwetulira, bwana," maso anga ali pa mawindo onse a mumsewu. Zaka zikupita, mawu ankanka nakoma. Bokosi lija linauzidwa za ubwana wawo, za amayi awo amene ankasoka zovala, za kuopa kwawo mdima. Linauzidwa zinthu zimene ine, mnzawo wa moyo wonse, sindinauzidwepo. Ndinafika pochita nalo nsanje.

Chaka china zilonda zanga zinandigwetsa, ndinakagona kuchipatala milungu ingapo. Madokotala ankati ndipumitse maganizo, ine ndikulingalira za mvula imene inkamenya pawindo. Nditatuluka ndinathamangira kubala ndisanafike n'kunyumba komwe. Mtanda unali pomwepo, woyera mbee. Wa kusitolo chimodzimodzi. Ndinati choko cha masiku ano n'cholimba, n'kuiwala za nkhaniyo.

Kenaka komiti ya mudzi inaganiza zowalemekeza. Anati Loweruka masana, pa tsiku lawo lobadwa, adzaonetsa filimu ya pasiteshoni ija mu holo, ndipo a Maddock adzayenda kuchokera pakhomo, kudutsa pakati pa anthu, kukwera masitepe n'kulankhula mawu pang'ono. Atamva, anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Andigwira, Wilf. Ndi msampha umenewu."

"Ndi keke ndi tiyi chabe, bwana."

"Mudzi wonse udzakhala ukundiyang'ana mapazi! Ndi Mayi Ottley omwe! Uwauze kuti ndamwalira."

"Adzafuna kuona mtembo."

Sabata yonse tinkapita ku holo kukayeserera. Ndinalemba mitanda mzere wonse kuyambira pakhomo mpaka pamwamba pa masitepe, ikuluikulu yoti woyendetsa ndege akanaiona. Anaiyenda mpaka kuizolowera. Lachisanu anadya bwino koyamba m'sabata imeneyo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Holo inali italemba wosamalira watsopano, Norman Tibbs, mlendo wochokera kumpoto, munthu wokonda ukhondo mopitirira muyeso. Loweruka tinafika anthu atakhala kale, holo yodzaza. Nditasuzumira pakhomo, mitanda yonse inali itapita. Pansi ponse pankanyezimira ngati galasi.

"Ana a m'mudzi muno alibe mwambo," anatero Norman monyadira. "Analembalemba pansi ponse. Ndakolopa kawiri, ndapakanso polishi."

Ndinapisa m'thumba kufuna choko, koma abusa anali atatiwona kale. Anaimirira n'kulengeza dzina, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Wilf," ananong'ona a Maddock, "sindikuona mtanda."

"Palibe, bwana. Gwirani mkono wanga."

"Kaputeni wa sitima yankhondo kulowa atagwiridwa mkono? Ndi bwino ndife."

Anawongola msana, anadzutsa chibwano, n'kuyamba kuyenda. Kunena zoona, sindinawaonepo akuyenda mokongola ngati tsiku limenelo. Kungoti ankalowera kolakwika. Pang'onopang'ono ankapatukira kumanzere, kumene kunali tebulo la tiyi, ndipo pa tebulopo panali chithini chachikulu chonyezimira cha madzi owira. Ayenera kuti anachiyesa abusa, poti anali atatambasula kale dzanja kuti achipatse moni. Kuwomba m'manja kunazilala. Ndikafuula, chinsinsi chatha. Ndikakhala chete, munthu apsa.

Mpando unakwekwereza. Mayi wina wa chikhoti chofiira anaimirira.

"Lionel," anatero Mayi Ottley ndi mawu aja oimitsa kalasi yonse, "imani pomwepo. Valani magalasi anu. Ali m'thumba lamkati, lakumanzere."

A Maddock anauma, dzanja lili m'malere, nthunzi ikuwanyambita zala. Nkhope yawo inayera ngati choko changa chomwe.

"Magalasi ati, mayi?"

"Omwe aja okhuthala ngati matako a botolo," anatero Beryl wa kubala. "Musatitayitse nthawi, tiyi akuzizira."

"Wilf!" Mawu awo anasweka, ndipo mtima wanga unasweka nawo.

"Sindinauze munthu, bwana. Ndikulumbira. Ngakhale Edna."

"Edna ndiye anayamba kudziwa," anatero Edna ali kumbuyo.

"Atiuze ndani?" anapitiriza Beryl. "Munthu woti chaka chatha anakambirana zanyengo ndi chikhoti cha mwamuna wanga chili pa msomali, mpaka kuchigulira mowa?"

"Ine munandiyamikira galu wanga," anatero mwini sitolo, "lili thumba la mbatata."

Palibe anaseka. Beryl anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa choko, n'kuchikweza m'mwamba. Mwini sitolo anatulutsa chake. Woyendetsa basi naye. Abusa anapisa m'thumba la mkanjo mwamanyazi n'kutulutsa ziwiri. Ndinayang'ana holo yonse, manja ali m'mwamba, ndipo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chimene mitanda yanga sinafufutike ndili kuchipatala.

"Akuchita chiyani, Wilf?" anafunsa a Maddock. "Bwanji kwangoti zii?"

"Valani muone nokha, bwana."

Anatulutsa magalasi aja n'kuwavala pamaso pa anthu koyamba m'moyo wawo. Timaso ta mbewa tija tinayendayenda m'holo monse, pa nkhope iliyonse, pa choko chilichonse.

"Mayo ine," anatero pomaliza. "Koma mwakalambatu nonse."

Holo inaphulika. Anthu anaseka mpaka misozi, Norman yekha ndiye ankangoyang'ana uku ndi uku osamvetsa. A Maddock anatembenukira kwa ine.

"Ndipo iwe, Wilf, tsitsi linapita kuti?"

"Munalidya ndinu, bwana."

Kenaka anawaona Mayi Ottley. Anavula chipewa, koma mawu amene ankatuluka mosavuta pangodya paja anawathawa.

"Mayi, ndiye kuti m'mawa monse muja..."

"Linali bokosi la makalata, Lionel. Ine ndinkakhala kuseri kwa katani, windo nditatsegula pang'ono. Ndinamva zonse, za amayi anu ndi za mdima zomwe. Ndinkayankhanso, kungoti simunkandimva."

"Bwanji osatuluka?"

"Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ndadziwa, simudzabweranso."

Anawakhazika pambali pa Mayi Ottley, magetsi anazima, filimu inayamba. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Itafika pasiteshoni paja, mnyamata wamtali akudutsa m'mvula ndi maso oyang'ana kutali, a Maddock anaweramira kutsogolo. Aka kanali koyamba kudziona.

"Wilf," ananong'ona osatembenuka, "mnyamata uyo ali ndi mantha oopsa. Zikuchita kuonekeratu. Palibe anaona?"

"Ife tinkati ndi chikondi, bwana."

Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso msanga kuopa kuphonya kanthu. "Wosauka," anatero. "Koma tamuona, sanagwe."

Anakwatirana chilimwe chotsatira, mkwati atavala magalasi, ataima pa mtanda umene abusa analemba okha. Mitanda sanaisiye. Ankati mapazi anazolowera, ndipo ife tinapitiriza kulemba, tsopano poyera, nthawi zina mpaka kukanganirana. Nkhawa nayo sinawathere, inangosamuka. Poti tsopano ankaona chilichonse, ankadandaula ndi ming'alu ya denga la tchalitchi, matayala a basi, ndi khungu langa limene ankati likuoneka lachikasu. Ndipo m'mawa uliwonse, mkazi wawo ali pamkono, ankavulirabe chipewa bokosi lija.

"Lionel, ndili panotu ine," ankatero mayiwo.

"Ndikudziwa, wokondedwa. Koma sungangosiya kupatsa moni munthu amene wakumvetsera zaka zonsezi osakudula mawu."

Mayi Ottley, poti ife tinapitiriza kuwatchula choncho, analitcha bokosilo mkazi mnzawo.

Anakhala limodzi zaka zochepa, zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinatayika. A Maddock anamwalira masana ena a nyengo yozizira ali pampando wa pawindo, akuonerera timbalame tikulimbirana nyenyeswa za buledi. Woika maliro anafuna kuwavula magalasi kuti aoneke ngati pa zithunzi zawo zakale. Mayi Ottley anakana. Anati munthuyu wayenda mu chifunga mokwanira.

Mitanda ya panja inapita ndi mvula sabata yomweyo. Wa kubala ulipo, Beryl amaudutsitsa choko Lolemba lililonse, ndipo ngakhale bala itadzaza bwanji anthu amaulambalala. Ine ndinkayesa kuti akadzapita m'mimba mwanga mudzazizira, koma ayi. Ndimadzukabe m'mawa n'kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula, dzanja lili kale m'thumba, kenaka n'kukumbukira kuti palibe woti ndimulembere. Palibenso wondifunsa ngati azindikira. Ndimawasowa koopsa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Dzulo ndikuchokera kusitolo ndinawaona Mayi Ottley pangodya paja, atavala chikhoti chofiira chija, chimene tsopano chikuwakulira. Analibe kalata m'manja. Anaima pambali pa bokosi kanthawi, kenaka analisisita pamutu ndi dzanja lawo lokalamba.

"Wadzuka bwanji, mnzanga?" ndinawamva akutero. "Lero sabweranso."